Ana agwire kaye luzi asanaloweze 22/7

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi aphunzitsi anzanga pamodzi ndi makolo kudzera m'nyuzipepala yanuyi. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Choko ndinachigwira zaka 34 m'sukulu za pulayimale, ndipo zambiri mwa zakazo ndinkaphunzitsa masamu m'Sitandade 7 ndi 8. Nkhani yanga ndi ya nambala ija ana amaidziwa ndi dzina loti pi, yomwe timailemba ndi kachizindikiro kooneka ngati kampando ka miyendo iwiri, π.

Chandiutsa ndi ichi. Mwezi wathawu, madzulo ena ndili pakhonde ndikuswa mtedza, mdzukulu wanga wamkazi wa Sitandade 7 anali pamphasa ndi kope lake, akubwereza mokweza ngati akuphunzira nyimbo ya kwaya: "Payi, twente thu ova seveni. Payi, twente thu ova seveni." Ndinamufunsa kuti chimenecho n'chiyani. Iye anati, "Ndi fomyula, agogo." Ndinati chabwino, nanga fomyulayo ikuyeza chiyani? Anandiyang'ana, n'kuyang'ana m'kope, kenaka anati aphunzitsi ananena kuti tingoloweza chifukwa imabwera pamayeso. Samu zonse zisanu zimene anamupatsa kuti akachitire kunyumba anali atakhoza, ngakhale imodzi yolakwa. Koma nditamupatsa chivundikiro cha sefuliya kuti andionetse pamene pi ali, anangochitembenuza uku ndi uku, n'kuchibweza.

Mphunzitsi wake sindikumuloza chala, pakuti inenso ndinkatero. Ndinkalowa m'kalasi, kujambula seko, kutanthauza chithunzi chobulungira, pabolodi, kulemba fomyula pansi pake, kuuza ana abwereze katatu, basi tayamba samu. Ana mazanamazana anadutsa m'manja mwanga n'kukhoza mayeso a Sitandade 8, koma ndikukayika ngati khumi mwa iwo anadziwa kuti nambala imeneyi imakhala m'khichini mwa amayi awo. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, makamaka chifukwa ine mwiniwakene nambalayi ndinaiona ndi maso ndisanaimve dzina.

Malume anga anali mmisiri wokhoma zidebe ndi masefuliya pamsika. Sukulu analekezera Sitandade 3 yakale ija. Patchuthi ndinkapita kukawathandiza kuwongola malata akale ndi nyundo yamtengo. Akafuna kupanga chidebe ankayamba ndi kudula thako lake, lobulungira bwinobwino. Akatero ankatenga kawaya, kukagoneka mopingasa pathakopo kudutsa pakati penipeni, n'kukapinda pamene pathera lata. Ndiye ankatenga kawaya kaja kupita nako pa lata lina lopangira thupi la chidebe, n'kukagoneka motsatizana, uku akulemba ndi msomali: kamodzi, kawiri, katatu. Akafika pachitatupo sankadula. Ankaika zala ziwiri kutsogolo kwa chizindikiro chija, n'kulemba pena, kenaka n'kuwonjezeranso kamalo ka msoko. Tsiku lina ndinawafunsa za zala ziwirizo. Anati, "Mphwanga, ukadula pa katatu penipeni, chidebe sichikumana. Chobulungira chilichonse chimadya katatu ndi pang'ono." Anangonena choncho n'kupitiriza kukhoma. Ine ndinapita mpaka ku koleji ya aphunzitsi, n'kubwera kudzaphunzitsa 22/7 zaka zonsezo, osalumikiza kuti zala ziwiri za malume anga ndi nambala ya pabolodi ija n'chinthu chimodzi.

Tsono madzulo amenewo ndinasiya mtedza. Ndinatuma mdzukulu wanga kuti akatenge luzi kuseri kwa khola, ndipo mlongo wake wamng'ono, mnyamata wa Sitandade 2, anabwera yekha poona kuti pali zochitika. Tinazunguliza luzi m'mphepete mwa chivundikiro chija, n'kudula pamene nsonga ziwiri zakumana. Kenaka ndinati aliwongole, aligoneke mopingasa pachivundikiropo kudutsa pakati, awerenge kuti likwana kangati. Linakwana katatu, n'kutsala kachidutswa kolendewera. Mtsikanayo anati mwina tadula molakwitsa. Ndinati tiyese china. Tinatenga mbale ya ndiwo: katatu, kachidutswa n'kutsala. Ndowa yotungira madzi, pakamwa pake: chimodzimodzi. Mtondo: chimodzimodzi. Pofika pa tayala la njinga, wamng'ono uja sanadikirenso kuti tiwerenge, anangokuwa kuti, "Katatu ndi kamchira!" Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu pi timamutcha choncho.

Lichero lokha ndilo linatisokoneza. Titayeza mbali ina kamchira kanatalika, titayeza mbali ina kanangotsala pang'ono kusowa. Ndinawasiya akangane okha. Mtsikanayo ndiye anazindikira kuti licherolo ndi lakale, mkombero wake unapotoka, silobulungiranso bwino. Phunziro limeneli ine sindinalikonzekere, koma ndi lalikulu: mwana waona yekha kuti lamuloli ndi la chinthu chobulungira kwenikweni, osati chilichonse chongokhala chopanda ngodya.

Kwa mwana wa zaka 6 kapena 7, pamenepa mpokwanira. Asamve za 3.14, asamve za 22/7. Angodziwa m'manja mwake kuti ulendo wozungulira chinthu chobulungira ndi wautali katatu ndi kamchira poyerekeza ndi ulendo wodutsa pakati pake, kaya chinthucho n'chaching'ono ngati kapu kaya n'chachikulu ngati nkhokwe. Pi ndi ameneyo, palibenso wina. Zina zonse n'zongofuna kudziwa kuti kamchirako n'kotalika bwanji.

Wamkuluyo ndinapita naye patsogolo. Ndinati adule kamchira kaja ka pachivundikiro, ayese kuti kakwana kangati mopingasa pachivundikiro chomwecho. Anakagoneka mosamala, akuika chala pamene kathera: kanakwana kasanu ndi kawiri, kungotsala kampata kosaoneka bwino. Ndiye ndinamufunsa kuti, ngati kudutsa pakati kamodzi ndi timichira 7, nanga kudutsa katatu ndi tingati? Anati 21. Nanga tikaphatikiza kamchira kathu kaja? Anakhala chete kanthawi, milomo ikugwedera. Kenaka anatembenukira ku kope lake lomwe linali pamphasa, n'kunena chapansipansi, "Agogo, ndiye 22 uja ndi ameneyu? Ndipo 7 uja ndi ameneyu?" Akonzi, ndaphunzitsa zaka zambiri, koma nkhope ngati imene ndinaiona madzulo amenewo sindinaione kawirikawiri m'kalasi mwanga.

M'mawa mwake linali Loweruka, tinakachitira pabwalo. Tinakhoma chikhomo pansi, kumangirira chingwe, kunsonga kwake n'kumangako kamtengo kosongoka, monga amachitira okumba chitsime kapena omanga nkhokwe akamalemba malo. Ndinauza mtsikanayo ayeze chingwecho ndi mapazi ake, chidendene kukhudza chala chachikulu, chikhale mapazi atatu ndi theka, kuti seko yonse kudutsa pakati ikhale mapazi 7. Atailemba, anayenda pamzerewo mwa njira yomweyo, phazi kutsogolo kwa linzake, mlongo wake akuwerenga. Anabwerera pamene anayambira pa phazi la 22. Ine ndinalemba yanga ndi mapazi angawa, inatuluka yaikulu kuposa yake, koma nditazungulira anakwananso 22. Wamng'ono uja analemba kake kakang'ono, anapeza 23 chifukwa ankadzandira, atabwereza anapeza 22. Seko zitatu zosiyana kukula, nambala imodzi. Ana a oyandikana nawo nyumba anayamba kubwera, ndipo pofika masana bwalo lonse linali seko zokhazokha.

Panali funso lina lomwe mnyamata wina wa Sitandade 6 anafunsa, ndipo ndikufuna aphunzitsi alimve chifukwa yankho lake lili pabwalo pomwepo. Anati, n'chifukwa chiyani katatu, osati kanayi kapena kawiri? Tinamasula chingwe chija pachikhomo osasintha kutalika kwake. Tinaika nsonga imodzi pamzere wa seko, ina n'kuikokera mpaka yakhudzanso mzerewo patsogolo, n'kuikapo mwala. Kuchokera pamwalapo tinachitanso chimodzimodzi. Titatero kasanu ndi kamodzi tinafika ndendende pamene tinayambira. Chingwe chimenechi ndi theka la ulendo wodutsa pakati, ndiye zingwe 6 ndi maulendo atatu odutsa pakati. Katatu uja wachokera pamenepo. Koma chingwe chimadutsa chowongoka kuchoka pa mwala kufika pa unzake, pamene mzere wa seko umakhota kunja pang'ono, ngati njira yolambalala chulu. Kukhotako kukaphatikizana malo onse 6 ndiko kumabala kamchira. Mnyamatayo anayenda kuchoka pa mwala wina kufika pa wina, kamodzi mowongoka, kachiwiri motsata mzere, n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Ana akafika pamenepa mpamene nkhani za anthu akale zimakoma, chifukwa akuona kuti anthuwo ankalimbana ndi kamchira komweka. Archimedes, yemwe ankakhala mumzinda wa Syracuse pachilumba cha Sicily ndipo anamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, anayambira pa chinthu cha mbali 6 chomwe ife tinapanga ndi miyala chija. Anachulukitsa mbalizo kukhala 12, kenaka 24, kenaka 48, mpaka 96, china mkati mwa seko china kunja kwake, kuti sekoyo ipanikizike pakati. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Anapeza kuti nambalayi ndi yoposa 223/71 koma yochepera 22/7. Iye asanabadwe n'komwe, kuno ku Africa, mlembi wina wa ku Egypt dzina lake Ahmes anakopera njira yopezera kukula kwa malo obulungira, yomwe tikaiwerengera lero imapereka pafupifupi 3.16, ndipo gumbwa lomwe analembapo likusungidwa ku British Museum mumzinda wa London. Ku China, Zu Chongzhi, yemwe anamwalira m'chaka cha 500, anapeza 355/113, yomwe imayandikira kwambiri kuposa 22/7. Ngakhale ana a Sande sukulu angathe kutsegula 1 Mafumu 7:23, pamene akufotokoza za chimbiya chachikulu chamkuwa cha m'kachisi wa Solomo: mikono khumi kudutsa pakamwa, mikono makumi atatu kuzungulira. Afunseni anawo kuti kamchira kapita kuti, muone mmene akambirane. Kachizindikiro ka π kokha n'kamene kali kaposachedwa pantchitoyi: ndi chilembo cha Chigiriki, ndipo anayamba kuchigwiritsa ntchito motere ndi William Jones wa ku Wales m'chaka cha 1706.

Mwaona kuti Archimedes sananene kuti pi ndi 22/7. Ananena kuti ndi yochepera pamenepo. Apa mpamene ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti tiziwauza ana zoona. Mukagawa 22 ndi 7 mumapeza 3.142857, ndipo manambala 142857 amenewa amangobwerezabwereza. Pi weniweni amayamba 3.14159, ndipo manambala ake sathera paliponse, sagweranso m'chizolowezi chobwereza. Johann Lambert anatsimikiza m'zaka za m'ma 1760 kuti palibe manambala awiri athunthu omwe mungagawe n'kupeza pi ndendende. Lero makompyuta awerengera manambala ake mpaka matiriliyoni, mathero osaoneka. Kusiyana kwa 22/7 ndi pi n'kochepa zedi: pa tayala la njinga la masentimita 70 sikufika ndi milimita imodzi yomwe, ndipo pa seko yotalika kilomita imodzi kudutsa pakati ndi mita imodzi ndi pang'ono. Kwa wokhoma zidebe, kwa womanga, kwa mwana wa pulayimale, 22/7 ndi wokwanira. Koma kunena kuti "ndi wokwanira pa ntchito yathu" n'kosiyana ndi kunena kuti "ndi yemweyo". Ana omwe tinawauza kuti ndi yemweyo amakadabwa ku sekondale akadina batani la π pa kakyuleta n'kuona nambala ina, ndipo ena amayamba kuganiza kuti masamu ndi nkhani yoti aliyense amanena zake. Mdzukulu wanga nditamuuza kuti nambalayi ilibe mathero sanachite mantha. Anafunsa ngati alipo munthu amene anafika kumapeto, ndipo nditati palibe ndipo sadzapezeka, anaseka mokondwa, ngati ndamuuza chinsinsi.

Palinso kanthu kena komwe ndinkakachita osakaganizira. Samu zonse zomwe ndinkapereka zinali ndi 7, 14, 21, 28, 35 kapena 70, kuti 7 wapansi uja afafanizike bwino. Zimathandiza pamayeso, inde. Koma mwana amakula akuganiza kuti pi amagwira ntchito pa zinthu zokhazo zoyenda ndi 7. Mupatseni mbale ya masentimita 19, aima. Tiziwapatsako zinthu zenizeni zoti ayeze okha, manambala atuluke osakongola, wina apeze 3.1, wina 3.2, wina 3.15. Tizilemba zonsezo pabolodi osakwapula kapena kunyoza wina aliyense, kenaka tiwafunse kuti manambala onsewa akuunjikana pati. Luzi limatamuka, zala zimaterereka, rula imakhala yodyeka kunsonga. Mwana akadziwa chifukwa chomwe yankho lake lasiyanirana ndi la mnzake, waphunzira kuyeza.

Ndikudziwa chomwe anzanga ali m'kalasi anene, chifukwa nanenso ndinkanena chomwecho. Adzati, abambo, inu mukuyankhula za adzukulu awiri pakhonde, ife tili ndi ana 120 m'chipinda chimodzi, mabuku ochepa, marula palibe, silabasi ikutithamangitsa. Sindikutsutsa. M'chaka cha 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ndinaphunzitsapo ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pa thunthu. Ndikudziwa kutopa kwake. Koma taonani zomwe phunziroli likufuna: luzi kapena ulusi wosolola pa thumba la feteleza, zikhomo, miyala, ndi bwalo la sukulu. Mphira ndi ulusi woluka majuzi zokha musagwiritse ntchito, zimatamuka kwambiri. Ana agaweni m'magulu a khumi, gulu lililonse lilembe seko yake ya mapazi 7, azungulire, abwere ndi nambala. Piriyodi imodzi yakwana. Ndipo kunena zoona, kalasi ya ana ambiri imapindula kuposa adzukulu anga awiri, chifukwa magulu khumi ndi awiri akabwera onse ndi 21, 22, 22, 23, 22, palibe mwana angakayike kuti pali chinachake chobisika m'seko. Nthawi yomwe mwataya tsiku limenelo mudzaipeza pobwereza, chifukwa chomwe mwana wachiponda ndi mapazi ake sachiiwala msanga ngati chomwe wangoimba.

Za chiyankhulo ndinenepo pang'ono. Mawu a Chingerezi otchulira mzere wozungulira ndi mzere wodutsa pakati ndi ataliatali, ndipo mwana amathera mphamvu zake zonse poyesa kuwatchula ndi kuwalemba, chinthu chenichenicho n'kumudutsa. Ayambe wanena m'chiyankhulo chake kuti "kuzungulira" ndi "kupingasa", kaya ndi m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'Chisena. Mawu a m'buku abwere pambuyo, adzapeze malo okhalapo. Pempho limeneli likupita kwa olemba mabuku a masamu ndi ophunzitsa aphunzitsi m'makoleji athu: phunziro la luzi libwere m'makalasi apansi ngati sewero, zaka zingapo fomyula isanafike.

Makolo nanunso musati izi n'za aphunzitsi okha. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu angathe kuchita zonse ndafotokozazi ndi mphika ndi kachingwe, nsima ili pamoto. Bambo wa kabaza ali ndi seko ziwiri pansi pake tsiku lonse. Amene muli kuchigwa kumene kuli milambe, tengani ana mukazungulize chingwe pa thunthu: chikakwana mamita 11, gawani ndi katatu ndi kamchira, mupeza kuti mtengowo ndi wonenepa mamita atatu ndi theka, osaudula, osauboola. Ana amadabwa kwambiri kuti munthu angadziwe za mkati mwa mtengo ali kunja.

Bungwe la UNESCO linakhazikitsa m'chaka cha 2019 kuti 14 Malichi likhale tsiku la masamu padziko lonse. Tsikuli linasankhidwa chifukwa kumayiko omwe amayamba kulemba mwezi kenaka tsiku, limalembedwa 3/14, manambala oyamba a pi. Kwathu kuno tsikuli limapeza sukulu zili mkati, nthaka ikadali yonyowa ndi mvula, yolembeka bwino ndi kamtengo. Ndikanakonda mahedimasitala akanalola kuti tsiku limenelo ana atuluke panja ndi zingwe, ndipo ngati pafupi pali wokhoma zidebe, woluka malichero kapena womanga nkhokwe, amuitane adzaonetse ana mmene amayezera. Anthu amenewa masamu awa amawadziwa, kungoti palibe anawauzapo kuti ndi masamu. Malume anga anamwalira asanamve dzina loti pi, ndipo ine amene ndikanawauza ndinali ndisanazindikire.

Sabata yathayi mdzukulu wanga anabwereka njinga ya bambo ake aang'ono. Anayeza tayala, napeza masentimita 70 kudutsa pakati, n'kuwerengera yekha kuti likazungulira kamodzi limayenda masentimita 220. Anamanga kansanza kofiira pa sipoko imodzi, n'kuyamba kuikankha pang'onopang'ono kuchoka pakhomo kupita ku mjigo, mlongo wake ali pambali akuwerenga nthawi iliyonse kansanzako kakafika pansi, ndipo akakwana khumi ankaponya kamwala m'thumba la kabudula. Anabwerako ndi timiyala 31. Anakhala pamphasa pomwe paja n'kuchulukitsa 310 ndi 220, kenaka anabwera kudzandiuza kuti amayi ake amasenza ndowa mtunda wa mamita 682 kuchokera ku mjigo, ndipo amapitako kanayi pa tsiku. Loweruka likudzali akuti akayeza wa kuchigayo.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu.